Kwa amayi a ku Chawama amene mukudwazika amuna anu

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati amuna anu ali ndi khansa, adokotala anena kuti chatsala n'kuchepetsa ululu basi, kuntchito kwawo akuwauza kuti alembe kalata yosiya ntchito, ndipo mukufuna kudziwa ngati boma limathandiza wodwazika. Pepani kwambiri. Ine ndinadwazika achimwene anga kuno ku Matero miyezi isanu ndi iwiri, ndipo zambiri zimene ndikuuzani ndinazidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Wina poyankha funso lanu watchula Carer's Allowance, ndalama imene boma limapatsa wodwazika, koma imeneyo ndi ya ku UK, kuno ku Zambia kulibe. Thandizo lathu lili apa ndi apo, ndipo lambiri limafuna mapepala okonzedwa odwalayo akadali ndi mphamvu yolankhula ndi kusaina.

Kalata ija asalembe. Chonde, asalembe. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limati wantchito wa kontrakiti yaitali akadwala, amalandira malipiro athunthu miyezi itatu, kenako theka miyezi ina itatu. Akapanda kuchira, abwana angathe kumupumitsa pa chifukwa cha matenda potsatira lipoti la dokotala, koma ayenera kumupatsa malipiro osachepera a miyezi itatu pa chaka chilichonse chathunthu chimene wagwira. Munthu wa zaka 8 pantchito, amenewo ndi malipiro a miyezi 24. Akangolemba yekha kuti ndasiya, ndalama imeneyo yapita. Kwathu anabwera munthu wa kukampani, atanyamula shuga ndi botolo la saladi, kalata yotayipa kale ili mu envelopu. Analankhula mwachifundo ndithu. Achimwene anasainira pabedi, dzanja likunjenjemera, ine ndawagwirira mbale yoti atsamizirepo pepala. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka kuti mbaleyo ndinagwira ndine. Akakuvutitsani, pitani ku Labour Office mutatenga ma payslip ndi lipoti la kuchipatala.

Ngati nanunso muli pantchito ndipo mwapitirira miyezi 6, lamulo lomwelo limakupatsani masiku 7 olipidwa pa chaka oti mudwazike mwamuna, mwana kapena wina amene mumasunga. Ndi ochepa, koma ndi anu, simukupempha chifundo.

Tsopano NAPSA, bungwe la boma loona za penshoni. Mwezi uliwonse amuna anu amadulidwa 5 peresenti, abwana n'kuikaponso 5. Katengeni statement kaye muone ngati ndalamazo zinkafikadi, chifukwa ena amadula koma osatumiza. Amene wasonkha miyezi 60 ndipo sangathenso kugwira ntchito angapemphe invalidity pension, madokotala akatsimikiza. Palinso mwayi wotengako 20 peresenti ya ndalama zimene munthu wasonkha asanapume pantchito, umene unayamba mu 2023, wa amene asonkha miyezi 60 kapena afika zaka 45. Ngati sanatenge, ingakuthandizeni pa lendi ndi mankhwala, koma funsani bwino, chifukwa imachepetsa penshoni ya mtsogolo. Muli komweko, onetsetsani kuti dzina lanu ndi maina a ana alembedwa molingana ndi mmene alili pa NRC (chiphaso cha unzika) ndi pa ziphaso zobadwira. Ndikudziwa kuti n'zolemera kuganiza zimenezi munthu ali moyo, koma penshoni ya otsala ndi funeral grant (ndalama ya maliro) zimachedwa chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika.

Za NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, funsani ngati khadi lawo likugwirabe ntchito, ndiponso mmene mungapitirizire kulipira nokha ntchito ikatha.

Social Cash Transfer, ndalama yothandizira osauka ya unduna wa Community Development and Social Services, imawerengeranso mabanja osauka amene ali ndi wodwala matenda osachiritsika. Poyambira ndi kwa a CWAC, komiti yoona za osauka m'dera lanu, kapena ku ofesi ya Social Welfare, mutatenga kalata ya dokotala. Kandalamako n'kochepa ndipo kulembetsa kumatenga nthawi, ndiye lembetsani koma musaikepo mtima wonse.

Ululu nawonso umadya ndalama. Ife tinkangogula mapiritsi ku famasi, kubwereka apa, kubwereka apo, mpaka nesi wina anatiuza kuti tipemphe kuonana ndi a palliative care, amene ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu wa odwala matenda osachiritsika. Ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, afunseni za morphine wakumwa. Achibale ena ankati mankhwalawo ndi omalizira munthu. Ayi. Usiku woyamba atamwa, achimwene anagona mpaka tambala kulira, m'mawa n'kupempha phala. Kulinso Our Lady's Hospice ku Kalingalinga ndi Mother of Mercy ku Chilanga, malo osamalirako odwala matenda osachiritsika. Kupita naye ku hospice si kumutaya munthu, ndipo inunso thupi lanu lifunika kugona.

Achibale ndi a kumpingo akanena kuti "mutiuze ngati pali chofunika", auzeni chenicheni. Uyu ma pampers a akulu mwezi uno, uyu takisi ya tsiku la kuchipatala, uyu agone kuno Loweruka kuti azithandiza kuwatembenuza. Anthu amafuna kuthandiza, koma mukati "chilichonse" amabwera ndi mabanzi onse tsiku limodzi. Ku chilimba, gulu lija losonkherana ndalama, pemphani akusinthireni mulandire msanga. Kaloba yekha mupewe, katapira ameneyo amatsala pakhomo maliro atatha.

Tsiku limene amuna anu adzuka bwinoko, khalani nawo awiriwiri. Akuuzeni PIN ya Airtel Money kapena MoMo, akaunti ya kubanki, amene ali nawo ngongole, ndi kumene kuli mapepala a nyumba. Ngati angathe, alembe wilo pamaso pa mboni ziwiri zimene sizilandirapo kanthu. Popanda wilo, lamulo la 1989 limagawa chonchi: 20 peresenti kwa mkazi, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankawasunga. Kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu, ngakhale wolandayo akhale mlamu wanu.

Gulani kafayilo ka pulasitiki, muikemo NRC zonse, khadi la kuchipatala, ma payslip ndi lipoti la dokotala, chilichonse mukope kawiri. Ndiyankheni pano kuti agwira zaka zingati pakampanipo, ndiponso ngati pali pepala lililonse limene asaina kale. Ngati asaina, mundiuze lero lomwe.