Kuyankha asuweni za timetable ya mwana

Halo... ikujambula kodi? Eya, ikujambula. Asuweni, amuna anga akalekale, uthenga wanu pa gulupu ndauona. Ndangoweruka kumene, ndili m'galimoto, ndiye mukamva chinthu chikulira ndi hita, kuno ku South Bend, ku Indiana, kwayamba kuzizira. Kulemba sinditha, zala zauma.

Mwafunsa kuti, tadikirani ndiwerenge... "Kodi ku America'ko unesi amaphunzira ndi gitala? Mwana watitumizira timetable, pali history, music ndi public speaking, za jakisoni palibe." Ndiye mwaika kankhope koseka kumapeto. Mmm. Kankhope kameneko musandinamize nako ine. Inu mukaseka choncho ndiye kuti usiku simunagone, ndipo mkazi mnzanga nayenso simunamugoneke.

Za gitala n'zongoyambira. Chimene mukufunsa n'chakuti kodi mwanayu wasintha kosi mwakachetechete ngati mmene anachitira ujeni uja, dzina sinditchula, ali pa gulupu pompano. Ndiponso kuti kodi ng'ombe zija zinapita pachabe. Ng'ombe... ayi, ng'ombe ndi dimba lomwe, ndisaiwale dimba, mungandidye.

Chabwino. Kuno digiri ndi zaka zinayi, makirediti 120, ndiwo mapointi amene umapeza ukamaliza phunziro lililonse. Mwa amenewo, 30, kwina 40, si a kosi yako ayi, ndi a zimene amati gen ed. Aliyense amadutsamo, wa unesi, wa uinjiniya, wa akaunti: kulemba, kuyankhula pagulu, masamu, sayansi pang'ono, mbiri, zaluso. Kwathu ku Chanco chaka choyamba kuli phunziro lija la Language and Communication, limene ana amalidandaula, eti? Ndiye kuno n'chimodzimodzi, kungoti n'zambiri. Ngakhale Kamuzu wanu uja, inu a Kongeresi, sanayambire pa jakisoni. Anadutsa ku Wilberforce ku Ohio, anakhalako kuno ku Indiana, ku Bloomington, digiri yoyamba n'kukatengera ku Chicago mu 1931, ya mbiri ndi ndale. Udokotala anamaliza mu 1937 ku Meharry, ku Tennessee. Atatsegula Academy ku Mtunthama mu 1981, mwaona zimene anaikamo, Chilatini ndi Chigiriki, mwana aliyense, afune asafune.

Iii, ndatchula Chilatini. Amalume! Bambo anu aang'ono aja, Mulungu awasunge. Ana a pa gulupu ano sakuwadziwa, amangoona chithunzi chili pa khoma kwa azakhali, cha jekete la mizeremizere. Jekete limenelo linali limodzi lomwelo, la ku tchalitchi, la ku maliro, la ku msika wa fodya. Atachoka ku seminale, chifukwa cha nkhani ija ya ku Balaka, akuluakulu mukuidziwa, anabwera ndi zinthu ziwiri basi, sutikesi yachitsulo ndi Chilatini. Mbuzi ankazikalipira m'Chilatini. Ife tikaba mango ankatiweruza m'Chilatini, kenako chikoti chinkabwera m'Chichewa.

Ndiye tsiku la mlandu wa malire lija. Inu munalipo, munali mutakwera mu mtengo... ayi, amene anakwera mu mtengo ndi achimwene anga, inu munabisala kuseri kwa nkhokwe, mantha anu si a lero. Bwalo ladzaza pansi pa kachere, amfumu akhala pa mpando wawo wa ndalema, anyakwawa m'mbali, a banja lija atsidya abwera ndi mboni zawo. Mbali yathu agogo anati ayankhule ndi amalume, poti ndi ophunzira. Amalume kudzuka, kukonza jekete, kutsokomola kawiri, chala m'mwamba, n'kuyamba Chilatini. Osati mawu amodzi ayi, chiganizo chathunthu, chachitali, maso ali pa amfumu. Bwalo lonse zii. Mayi wina wa tsidya lija n'kukuwa kuti, "Akutitemberera! Za ku seminale izi, akufuna tife!" Basi chipwirikiti. Anyakwawa kudzuka, ana kuthawa, galu wa amfumu kuuwa. Amfumu anati pa bwalo pano sitiyankhula zam'malaulo, mwanyoza mpando, nkhuku. Mlandu wa malire sunakambidwe n'komwe tsiku limenelo. Ndipo nkhuku imene inapita ndi ya agogo, thadzi lija loyera, linali litangoyamba kuikira. Agogo mpaka kumwalira kwawo, munthu akangotchula sukulu, ankati, "Sukulu inandidyera thadzi." Hahaha... aaa, ndikulira ine. Tadikirani ndipukute magalasi.

Koma asuweni, amalume omwewo, madzulo ake mukukumbuka? Anthu ankabwera pa khonde, azibambo aja anabwerera ku Wenela, ena akutsokomola, mapepala atawakulunga mu pulasitiki ya shuga. Amalume ankayatsa koloboyi, n'kumufunsa munthu bwinobwino, unalowa mgodi uti, chaka chanji, nambala yako ili pati, anakulonjeza chiyani. Akamva, ankayamba kulemba pa pepala la simenti, kufufuta, kulembanso, kenako n'kukopera pa pepala loyera ndi cholembera chawo cha inki chimene sitinkaloledwa kuchikhudza. Ndalama za amuna awo a azakhali zija zinabwera ndi kalata ya ndani? Nanga malata a nyumba imene inu munakuliramo? Ku seminale sanaphunzire za migodi amalume. Anaphunzira kumvetsera munthu ndi kuika nkhani yake pa pepala moti wa mu ofesi asaiponye m'bini. M'banja mwathu muno mpaka lero timagawanika pa amalume, ena amakumbuka thadzi, ena amakumbuka malata. Inu ndikukudziwani, ndinu a thadzi.

Ndinali pati... eya, gen ed. Musaganize kuti azungu eni ake anagwirizana. Iwonso ndi a thadzi ndi a malata. Ku Harvard zimenezi amazifolera ndi kuzisasula ngati denga la udzu: 1945 analemba ndondomeko, 1978 anasintha, 2007 anasinthanso, 2019 ayambanso ina. Nthawi zonse mkangano ndi womwewo, mwana aphunzire chiyani kuti atchedwe wophunzira, ndipo dipatimenti iliyonse imafuna phunziro lake likhale lokakamiza, poti ana akachuluka m'kalasi ndiye kuti ntchito za aphunzitsi zatetezeka. Zimenezo sanena mokweza. Andale nawo analowapo. Ku Florida mu January 2024 anachotsa sociology pa mndandanda wa maphunziro a gen ed amenewa m'mayunivesite a boma, n'kuikapo mbiri ya America yofika 1877. Ena anaomba m'manja, ena anati boma lalowerera za m'kalasi. Ine maganizo anga, nesi amene sanaphunzirepo mmene umphawi umadwalitsira anthu ndimamuona msanga pa wodi, koma zimenezo tidzakangana pa Khirisimasi.

Kusintha kumene kumakhudza thumba lanu si kwa ku Harvard ayi. Ndi kwa kuno ku Indiana. Kale mwana ankati akaphunzira pa koleji ina n'kusamukira ina, ankamuuza kuti history yako ija kuno sitiiwerengera, bwereza, lipiranso. Mu 2012 boma la Indiana linakhazikitsa lamulo loti pakhale mtolo umodzi wa makirediti 30, pano amautcha Indiana College Core. Ukaumaliza wonse pa koleji ya boma, kaya pa Ivy Tech pamene fizi ndi yotsikirapo, umasamuka nawo wathunthu kupita ku yunivesite ina ya boma, osabwereza. Ku Texas ali ndi wawo wa 42. Koma mvetsetsani, ndati wonse, ndipo ndati za boma. Ukausiya pakati amayamba kuwerenga phunziro limodzilimodzi, ndipo makoleji omwe si a boma ali ndi malamulo awoawo.

Ndiye... mwanayu sananame, asuweni. Ndi zimene ndimafuna kunena. Timetable imeneyo ndi ya mwana amene ali pa njira ya unesi ndithu. Kuno ambiri chaka choyamba amakhala pre-nursing, amatenga za gen ed pamodzi ndi anatomy, chemistry, zotero, kenako ndiye amafunsira malo mu pulogalamu yeniyeni ya unesi, ndipo amasankha poona magiredi. Ndiye music imene mukuisekayo, akaitaya dala n'kupeza C, imatsitsa GPA, avereji ya magiredi ake onse, malo n'kupita kwa wina. Ndipo chonde, chonde, musamuuze kuti asiye maphunziro ena kuti fizi itsike. Visa yake imafuna makirediti osachepera 12 pa semesita. Akatsika pamenepo popanda chilolezo cha ofesi ya ana akunja, nkhani yake si ya sukulunso, ndi ya imigireshoni. Inu mumaganiza ngati mukuchotsa matumba a feteleza pa bajeti... ayi, ndisakunyozeni kwambiri, ana akumva.

Chimene mungachite n'chimodzi. Mumuuze apite kwa mlangizi wake wa pa koleji, atenge pepala lotchedwa degree audit, ngakhale pa kompyuta amatha kulitulutsa yekha. Limaonetsa phunziro lililonse ndi bokosi limene likudzaza. Music ikakhala m'bokosi la zaluso, ili bwino, ndalama yagwira ntchito. Likapezeka phunziro loyandama, lopanda bokosi, limenelo ndiye tifunse, chifukwa alangizi ena amangodzazira mwana timetable ndi zimene zatsala malo. Ndinazionapo kwa mwana wa mnzanga wa ku tchalitchi, semesita yathunthu maphunziro awiri osawerengedwa, mayi ake akugwira ma double shift. Zimenezo ndiye zondikwiyitsa ine, osati gitala.

Ndiye mwamva? Sanasinthe kosi, sakukubisirani kanthu, ng'ombe zili m'njira. Mumufunse pepalalo mwaulemu, osati mwa upolisi wanu uja wa "tumiza pompano". Mwana ali yekha kuno, chipale chikubwera koyamba, jekete lenileni alibe, ndamuuza Loweruka ndikamutenge tikagule. Akamva bambo ake akumukayikira pa gulupu ya anthu 40, mawa sadzakutumiziraninso timetable, mudzangomva kwa ine.

Azakhali, ndikudziwa mukumvetsera, nkhani ya thadzi musaikane, munalira ndinu. Achimwene, za mtengo zija mutsimikize. Ndipo inu asuweni, ndabwereza kale koma mutu wanu ndimaudziwa: mwana ali bwino, funsani degree audit, munditumizire ku inbox osati pano, ndiliona ndikadzuka. Lobola yanga ija mpaka lero simunamalize, ndiye ulangizi uno ndikuwonjezera pa ngongole. Batire yatsala 4 peresenti. Moni kwa mkazi mnzanga, mumulole agone lero.