Mota yamphamvu, masipeya kapena aluminiyamu: ndalama ya buggy yoyamba ithere pati?

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa owerenga wina amene wakhala akuseweretsa kagalimoto ka limoti kwa kanthawi, ndipo tsopano mtima wake wathawira ku mpikisano. Akufuna kugula buggy yamagetsi ya 1/10, kagalimoto ka limoti kampikisano kothamanga m'bwalo la zitunda, kochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Ndalama ali nayo koma si yochuluka, ndiye wafunsa zinthu zitatu. Kodi ndalama yambiri ithere pa mota yamphamvu ndi ESC yake, kachipangizo kolamulira magetsi opita ku mota? Ndi masipeya ati amene munthu ayenera kuyenda nawo? Nanga achotseretu zipangizo za pulasitiki n'kuika za aluminiyamu kuti galimoto isamathyoke?

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambira kumapeto, poti nkhani ya aluminiyamu ndi imene imawotcha anthu m'thumba popanda phindu.

Buggy iliyonse imathyoka, ngakhale ya munthu amene wanyamula chikho cha dziko lonse. Ya 1/10 imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo ikawomba paipi ya m'mphepete mwa bwalo ili pa liwiro, kapena ikatera ndi tayala limodzi pochoka pa chitunda chodumphira, mphamvu yonseyo iyenera kukathera penapake. Amene anapanga galimotoyo anasankhiratu pamene izithera. Mkono wa pulasitiki umene umagwira tayala umapindika pang'ono n'kubwerera, ndipo kugundako kukanyanya umathyoka. Uli ngati fyuzi: kanthu kotchipa kamafa kuti chodula chipulumuke. Mukauchotsa n'kuikapo wa aluminiyamu, mphamvu ija sichepa ayi. Imangodutsa n'kukapinda pini imene mkonowo umazungulirapo, kukang'amba bokosi la magiya, mwinanso kukapotokola chasisi. Mkono mumasintha m'mphindi zochepa mpikisano wina usanayambe. Bokosi la magiya ndi ntchito yomasula theka la galimoto.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kuposa pamenepa. Aluminiyamu akapindika sabwerera, ndipo kupindikako nthawi zambiri sikuoneka ndi maso. Galimoto imayamba kukokera mbali imodzi, kapena kukhota bwino kumanzere koma kumanja n'kumakana. Mwini wake amasintha oyilo wa m'mashoki, amasintha matayala, amakayikira sevo (kamota kokhotetsa matayala akutsogolo), pamene wolakwa ndi mkono wonyezimira uja. Wa pulasitiki sanamiza: kaya ndi wamoyo, kaya wathyoka.

Sindikunena kuti aluminiyamu alibe malo. Pa kachitsulo ka makona asanu ndi limodzi kamene kamagwira wilo, pa kadzanja ka sevo, pa chomangira mota ndi pa matupi a mashoki, chitsulo chimathandizadi, chifukwa pamenepo chofunika n'choti pasamagwedere ndiponso kutentha kuzichoka. Koma ma kit a mpikisano amabwera zambiri mwa izi zili kale. Chimene ndingawonjezere ndekha pakapita nthawi ndi ma turnbuckle (timitengo tachitsulo tosinthira kaimidwe ka matayala) a titanium, basi.

Dziwaninso kuti pulasitiki si mmodzi. Makampani ambiri amagulitsa mikono ya mitundu iwiri, wamba ndi youma imene amasakaniza ndi carbon. Youmayo imachititsa galimoto kumvera msanga pa bwalo logwira kwambiri, ngati la kapeti, koma imasweka msanga. Munthu wongoyamba, amene adziwane ndi mapaipi onse a pabwalo, atenge wamba. Kukazizira kwambiri pulasitiki aliyense amauma n'kumasweka msanga, n'chifukwa chake akale ankawiritsa mikono ya nayiloni m'madzi isanamangidwe, kuti imwe chinyezi n'kufewako.

Tsopano za masipeya. Funso lenileni limabwera musanagule n'komwe galimoto: kodi mkono ukathyoka Loweruka m'mawa, muupeza kuti? Pitani kaye kubwalo kumene mukufuna kukapikisana, mukaone zimene anthu akuyendetsa. Mayina amene mudzakumane nawo ndi monga Team Associated, TLR, Yokomo, Kyosho, Xray ndi Schumacher. Kwa munthu wongoyamba, kusiyana kwa liwiro pakati pa magalimoto amenewa n'kosaoneka. Chimene chimaoneka n'choti ngati anthu ambiri pabwalopo ali ndi mtundu umodzi, masipeya ake ali m'mabokosi mwawo, wina adzakubwerekani, winanso adzakuuzani mmene anaikonzera yake kuti igwirizane ndi dothi la pamenepo. Galimoto yabwino imene muli nayo nokhanokha imasanduka chokongoletsera pa shelefu kachipangizo kamodzi kakangosowa.

Makampani amenewa si a dzulo. RC10 ya Team Associated inatuluka mu 1984, ndipo mu 1985 inapambana gawo limodzi la mpikisano woyamba wa dziko lonse wa ma buggy amagetsi umene bungwe la IFMAR linachititsa ku California, pamene gawo linalo linapita kwa Yokomo. Mpaka lero onse awiri akupikisanabe. Ubwino wa kampani yokhazikika ndi woti kachipangizo kalikonse, ngakhale kawashala, kali ndi nambala yake m'buku la malangizo, ndipo bukulo limapezeka pa intaneti. Galimoto imene ilibe buku lotere musaiyandikire, kaya bokosi lake lalemba liwiro lotani. Ndipo poti ndalama ndi yochepa, musachite manyazi kugula yogwiritsidwa kale ntchito, ya mtundu umene wangolowedwa m'malo ndi watsopano. Akatswiri amagulitsa zoterezi pothamangira zatsopano, nthawi zambiri pamodzi ndi thumba la masipeya. Ingoonetsetsani kuti chasisi n'chowongoka komanso mabowo a masikuluwu sanadyeke.

M'bokosi lanu mukhale mikono yakutsogolo, ndipo imeneyi ikhale yoposa peya imodzi chifukwa ndi imene imalandira nkhonya zonse. Yakumbuyo peya imodzi ikwana. Muikemo mapini a mikono, tizipangizo ta pulasitiki ta kumapeto kwa mkono wakutsogolo timene tayala limakhotera, ma ball cup (tizipewa ta pulasitiki ta kumapeto kwa turnbuckle), turnbuckle imodzi kapena ziwiri, giya yaikulu ya spur, phiko lakumbuyo, ndi kamtengo ka shoki pamodzi ndi timphira take. Kenako tinthu tonyozeka timene timaimitsa munthu tsiku lonse: manati a mawilo, timapini ta bodi, masikuluwu a M3 otalika mosiyanasiyana, ndi mabering'i a m'mawilo. Chasisi, ma diff athunthu (magiya ogawira mphamvu ku matayala) kapena mota yapadera musavutike nazo panopa.

Pa zida zomangira pokha musaumire. Gulani ma hex driver abwino a 1.5, 2.0 ndi 2.5 mm. Otchipa amadya mitu ya masikuluwu, ndipo sikuluwu yodyeka mutu pansi pa chasisi imatha kukudyerani madzulo onse. Paliponse pamene sikuluwu ikulowa m'chitsulo, pakani kadontho ka threadlock wa buluu, guluu woletsa sikuluwu kumasuka. Pamene ikulowa mu pulasitiki musapake, ndipo ikangogwira lekani kukunga.

Tifike pa zamagetsi, pamene ndikudziwa kuti mtima wanu uli. Mota yamphamvu si yanu panopa, achimwene. Mipikisano imagawidwa m'magulu, ndipo ongoyamba amalowa gulu la stock, kumene mota imakhala ya 17.5T kapena 21.5T malinga ndi malamulo a pabwalopo, nambala ikamakula liwiro n'kumachepa. Nthawi zambiri ESC imayeneranso kukhala pa blinky, kutanthauza kuti siikuwonjezera timing (njira yamagetsi yowonjezera liwiro la mota), ndipo kanyali kake kamaphethira kuti oyang'anira aone. Choncho ESC yodula ya gulu la modified, la mota zamphamvu kwambiri, ingokhala ndi mphamvu zimene simuloledwa kuzigwiritsa ntchito. Ya pakatikati ya kampani yodziwika ngati Hobbywing ikukwanirani zaka. Chimodzi chokha: mota ndi ESC zikhale za sensored, zokhala ndi sensa yotsatira kuzungulira kwa mota. Zopanda sensa zimanjenjemera ponyamuka ndi potuluka m'kona pang'onopang'ono, pomwe pa bwalo loterera chala chanu chimafuna mphamvu yobwera mosalala.

Ndipo kumbukirani kuti gawo la mpikisano wa 1/10 nthawi zambiri limatenga mphindi zisanu zokha. Mukagubuduzika kamodzi n'kudikira wothandiza pabwalo kuti akudzutseni, mwataya masekondi amene mota iliyonse singakubwezereni. Wongoyamba amene wapatsidwa mota yothamanga amangofika msanga pa paipi.

Ndalama imene mwapulumutsa pa mota ipite ku sevo. Apa ndiye ndimauma mtima. Sevo ndi imene imamva kugunda kulikonse kwa matayala akutsogolo, ndiponso ndi imene imachititsa kuti galimoto ipite kumene mwaiuza. Yotchipa ya magiya a pulasitiki imaguluka mano tsiku loyamba, ndipo ngakhale isanafe sibwerera pakati penipeni, ndiye pa njira yowongoka galimoto imayenda ngati ikukaika. Pezani ya magiya achitsulo kuchokera kwa anthu ngati Savöx, Futaba, Sanwa kapena KO Propo, muonenso ngati galimoto yanu imafuna yaifupi kapena yamtali wonse. Sevo yabwino imakhalitsa kuposa galimoto, mumangoisamutsa.

Mukaimanga, musaiwale kuchepetsa EPA pa limoti, malire a pamene sevo ingafike pokhota. Izi anthu ambiri amaziphonya. Chiwongolero chimafika pamene chathera, koma sevo ikauzidwa kuti ipitirire imangokankhabe, kulira, kutentha, mpaka kupsa. Khotetsani mpaka kumapeto, mubweze nambala mpaka kulirako kuleke, mbali zonse ziwiri. Sevo yamphamvu imamwanso magetsi ambiri kuchokera ku BEC, gawo la mu ESC lopereka magetsi ku sevo. Mukaona galimoto ikuzima kwa kamphindi pamene mwakhota mwadzidzidzi, ndiye kuti risiva, kachipangizo kolandira malamulo a limoti, ikusowa magetsi, ndipo kapasita kakang'ono kolowetsa mu risiva kamathetsa vutoli nthawi zambiri. Onaninso ngati sevo yanu imalola 7.4V musanakweze BEC kuchoka pa 6V.

Za limoti sindichedwapo. Onse masiku ano ali pa 2.4GHz, nkhani yodikirana ma crystal osankhira mafunde a limoti inatha kalekale. Bola ikhale ndi EPA ndipo ikukwanireni m'dzanja. Mudzafunikanso transponder yowerengera maulendo, kawirikawiri ya MyLaps, koma funsani kaye kubwaloko chifukwa ena amabwereketsa.

Chimene chimapha zamagetsi si ngozi kwenikweni, ndi kutentha. Mkati mwa mota muli maginito amene akapsa amafooka osabwereranso, ndipo mota imayamba kumwa magetsi ambiri koma liwiro mulibe. Kachipangizo koyezera kutentha, kongoloza osakhudza, n'kotchipa kuposa mota. Yendetsani mphindi zisanu, muyeze. Mukapitirira madigiri 70 yambani kusamala, mukayandikira 80 chotsani dzino limodzi kapena awiri pa pinion, giya yaing'ono ya pa mota. Pakati pa pinion ndi spur pasiyidwe kampata kochepa zedi. Njira yakale ndi kupanikiza kapepala pakati pa magiyawo pomanga mota, kenako n'kukachotsa. Mukathinitsa mota imatentha, mukatayitsa mano a spur amaguluka. Bering'i yolowa mchenga imakokanso galimoto m'mbuyo mwakachetechete, choncho nthawi ndi nthawi chotsani pinion, mukankhe galimoto ndi dzanja, mumve ngati ikuyenda mwaufulu.

Wakupha wachiwiri ndi mwini wake. Mabatire a mpikisano amalumikizidwa ndi timapulagi tolowa m'mabowo awiri, ndipo palibe chokuletsani kulowetsa wofiira m'malo mwa wakuda. Mukatero ESC yambiri imafa pomwepo, ndi kautsi. Dulani mawaya mwanzeru kuti uliwonse uzifika pa bowo lake lokha, ndipo bowo la + mulilembe chizindikiro chooneka. Phunziraninso kuwotcherera mawaya bwino ndi mtovu wosungunula (solder), chifukwa polumikiza posagwira pamatentha mpaka kusungunuka mpikisano uli mkati. Kawaya ka sensa kamaduka mkati osaonekera kunja, ndipo mota ikayamba kudzuma anthu amathamangira kugula yatsopano. Kawaya kapadera kakhale m'bokosi. Madzi nawonso apeweni: zamagetsi zambiri za mpikisano sizotchinga madzi ngati za magalimoto ongoseweretsa. Fumbi chotsani ndi burashi kapena mpweya, makamaka pa fani ya ESC.

Matayala simunawafunse, koma ndi amene adzakudyereni ndalama kuposa china chilichonse pa chaka, ndiponso ndi amene amasintha kayendedwe ka galimoto kuposa mota. Musagule musanafunse amene akugwira pabwalo lanu.

Batire ndi la LiPo la 2S (maselo awiri), la chikuto cholimba chifukwa malamulo a mpikisano amafuna lotero. Limalembedwa 7.4V, likadzaza limafika 8.4V, ndiye kuti 4.2V pa selo iliyonse. Awiri akukwanirani, lina likuyenda lina lili pa chaja. Manambala akuluakulu a C olembedwa pachikuto, osonyeza mphamvu imene batire lingatulutse, musawakhulupirire kwambiri, kampani iliyonse imayeza mwayokha. Ikani ESC kuti izidula magetsi selo ikatsika kufika cha pa 3.3V, chifukwa kupitirira pansi pa 3.0V batire limawonongeka. Mukamaliza tsiku musalisiye lodzaza kapena lopanda kanthu, liikeni pa storage, cha pa 3.8V pa selo. Chaja ikhale yoti imalinganiza maselo, muzitchajira m'thumba losagwira moto, inu muli pompo. Batire likatupa kapena chikuto chikasweka pa ngozi, lathera pomwepo. Lichotseni magetsi onse pang'onopang'ono, mukalisiye kumalo olandirira mabatire akutha, osati m'bini ya zinyalala.