Mwamaliza digiri ya instructional design, nanga ntchito yake ili kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina yemwe wangomaliza kumene digiri ya instructional design ndi educational technology, kutanthauza luso lokonza maphunziro komanso kugwiritsa ntchito zipangizo zamakono pophunzitsa. Anandifunsa kuti: "Ena akuti ndine mphunzitsi, ena akuti ndine wa makompyuta. Ndikafunsidwa kuti ndidzagwira ntchito yanji, ndimasowa chonena. Ndilowere kuti?"

Achemwali, chimene chikukusokonezani poyamba ndi mayina. Ntchito imodzimodziyo kwina amaitcha instructional designer, kwina learning designer, kwina learning technologist kapena e-learning developer. Mukamasaka pa LinkedIn ndi dzina limodzi lokha, zambiri zizikudutsani. Sakani ndi mayina onsewa, ndipo muziwerenga zimene akufuna kuti munthuyo azichita tsiku ndi tsiku.

Anthu ambiri amaiona ngati ntchito ya kusukulu basi, chikhalirecho mizu yake ili kwina. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, dziko la America linafunika kuphunzitsa asilikali ochuluka m'nthawi yochepa, ndipo akatswiri a zamaganizo monga Robert Gagné anali m'gulu la ogwira ntchitoyo. Ngakhale ADDIE, ndondomeko ija yokonzera maphunziro yomwe mwailoweza m'kalasi, inakonzedwa ku Florida State University mu 1975, ndipo anaikonzera asilikali. Choncho kulikonse kumene anthu akuluakulu akufunika kudziwa ntchito yatsopano, malo anu alipo.

N'chifukwa chake ndikanakhala inu ndikanayamba kuyang'ana m'makampani ndi m'mabungwe. Mabanki, zipatala zikuluzikulu, makampani a mafoni, ambiri mwa iwo ali ndi nthambi yophunzitsa antchito, yomwe amaitcha L&D (learning and development). Kumeneko mumakhala pansi ndi katswiri wa ntchito inayake, munthu woidziwa bwino koma wosadziwa kuifotokoza, inu n'kumutapa nzeruzo ndi kuzisanja kuti wobwera kumene azigwire. Chovuta kwenikweni chimabwera bwana akakuuzani kuti "tikonzereni kosi, anthu akulakwitsa." Mukafufuza, nthawi zina mumapeza kuti anthuwo ntchito akuidziwa ndithu, koma fomu yomwe amadzaza ndiyo yosokoneza, kapena zipangizo n'zoperewera. Kulimba mtima n'kumuuza bwana kuti kosi singathetse vutolo, kwa ine, ndilo luso lalikulu pantchito imeneyi. Zomwe katswiri wina, Donald Kirkpatrick, analemba mu 1959 zokhudza kuyeza phindu la kosi zikugwirabe ntchito: sikokwanira kuti ophunzira asangalale ndi kosi, tiyenera kuona ngati aphunziradi, ngati asintha kagwiridwe ka ntchito, komanso ngati bungwelo lapindula.

M'mabungwe ophunzitsa azaumoyo kapena alimi, zonse muzizikonza mukuganizira munthu wa foni yaing'ono ndi intaneti yodukaduka. Vidiyo yokongola yomwe siikutseguka ilibe phindu.

Mayunivesite nawonso amalemba anthu otere, makamaka chiyambire 2020 pomwe COVID-19 inatseketsa masukulu. Ntchito yake ndi kuthandiza aphunzitsi kusamutsira makosi awo pa mapulogalamu oyendetsera maphunziro pa intaneti (LMS) monga Moodle, Canvas kapena Blackboard, ndipo ena amakhala oyang'anira LMS yonse. Pamafunika kuleza mtima, poti mphunzitsi yemwe waphunzitsa zaka 20 savomera msanga kuti mumukonzere kaphunzitsidwe. Makampani otchuka ophunzitsa pa intaneti monga Coursera ndi Duolingo aliponso, koma olimbirana malo ndi ochuluka; yesani, osangodalira kumeneko.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna muchigwiritsitse. Olemba ntchito amafuna kuona zimene munapangapo ndi manja anu, ndipo satifiketi payokha siionetsa zimenezo. Moodle, yomwe Martin Dougiamas anaitulutsa mu 2002, ndi yaulere ndipo mungathe kuiika pa kompyuta yanu. H5P, yopangira mafunso ndi zochita za ophunzira, nayo mungaigwiritse ntchito mkati mwa Moodle momwemo osalipira. Articulate Storyline, pulogalamu yopangira maphunziro a pa kompyuta, ndi yogula, koma imatchulidwa kawirikawiri m'zotsatsa ntchito, ndiye iyeseni m'masiku aulere omwe amapereka, muphunzirenso kutulutsa phunziro lanu mu SCORM, kasungidwe ka phunziro komwe ma LMS osiyanasiyana amatha kuwerenga.

Mwezi uno sankhani vuto limodzi lenileni, mwachitsanzo kuphunzitsa wantchito watsopano kuzindikira imelo yachinyengo. Konzani phunziro la mphindi 10, liyeseni pa anthu asanu, lembani pomwe anakakamira ndi zimene munasintha. Mukamaliza, nditumizireni linki ndilione.