Bondo likugwedera koma X-ray sinaonetse kanthu

Amayi, mwati mnyamata wanu anabinya bondo pa mpira miyezi iwiri yapitayo, X-ray inaonetsa kuti sanathyoke, koma akati athamange bondolo limagwedera, ndiye mukufunsa ngati abwerere m'bwalo. Chonde asabwerere kaye.

Tamufunsani mmene anagwera. Kodi panali womuchita chipongwe, kapena anagwa yekha potembenuka? Ambiri amavulala bondo popanda wowakhudza. Jombo yakanirira pansi, thupi n'kutembenuka kutsatira mpira, bondo n'kupotokola. Ena zimawachitikira potera atadumphira mpira wa mutu, makamaka pa mabwalo athu ouma gwa, okumbikakumbikawa. Ngati anamva kuti "phu" mkati ndipo bondo linatupa tsiku lomwelo, ine ndikukayikira mtsempha wa pakati pa bondo umene madokotala amati ACL. Umenewu ndi umene umagwira fupa la msongolo kuti lisaterereke kutsogolo.

X-ray ija sinaname ayi. Iyo imaona mafupa, basi. Mitsempha yomanga bondo ndi chicherewecherewe cha pakati pa mafupa siziwoneka bwino pamenepo, choncho mtsempha utha kuduka chithunzi n'kutuluka chabwinobwino. Choona zimenezi ndi MRI, makina a maginito amphamvu amene amajambula mkati mwa bondo mbali ndi mbali munthu atagona osagwedezeka. Sikani ija timaidziwa ya kusikelo imathandiza pa minofu ya ntchafu ikang'ambika, koma ACL ili mkati kwambiri.

MRI ndi yosowa kwathu kuno, ndipo si yotchipa. Ku Queens ku Blantyre inafika mu 2008. Ndiye musayambe n'kusaka makina. Pitani naye kaye kwa a mafupa pa chipatala cha boma, muwafotokozere mawu oti "bondo likugwedera". Iwo amaligwira ndi manja, kukoka msongolo kuti aone ngati ukusuntha mopitirira, ndipo ndi amene angakutumizeni kukajambulitsa kukafunika.

Chimene chimandipweteka mtima n'choti anyamata athu amangothowa ndi madzi otentha, kumanga bandeji, Loweruka ali m'bwalo. Bondo likagwederanso limang'amba chicherewecherewe chija, nyamakazi n'kubwera munthu akadali wamng'ono. Virgil van Dijk wa Liverpool anaduka mtsempha womwewu mu Okutobala 2020, anachitidwa opaleshoni, ndipo anatha miyezi yoposa 9 asanasewerenso, ali ndi madokotala onse aja.

Anzake akabwera kudzamutenga, muwauze kuti a mafupa sanamulole.