Yaboilanso? Taonani kaye chitsekero cha rediyeta

Dzuwa la Okutobala likangoswa mtengo, mafunso onse amene ndimalandira amasanduka amodzi: galimoto ikuboila, madzi akutha, geji yakwera. Ndatolapo angapo.

Funso: Ndili ndi Probox yomwe ndimanyamulira katundu kuchoka ku Nchalo kupita ku Blantyre. Kuchigwa imayenda bwinobwino, koma ndikangoyamba zitunda za Thabwa kanyali kofiira kamayaka, madzi n'kumasefukira m'kathanki kapambali. M'mawa kathankiko kamakhala kodzaza koma m'rediyeta madzi ali pansi. Makaniko wina wati ndi hedi gasiketi, chomatira chija cha pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake, tiphwasule injini.

Yankho: Achimwene, sipanala isakhudze kaye injiniyo. Yankho mwalinena nokha: kathanki kodzaza, rediyeta ya ludzu. Zimenezi ndaziona kosawerengeka, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala chitsekero cha rediyeta, kachinthu kokwana m'manja komwe palibe amakaganizira.

Anthu amachiyesa chivundikiro cha poto basi. Ntchito yake yeniyeni ndi kupanikiza madzi. M'mbali mwa nyanja yamchere madzi amabwata pa madigiri 100. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komwe tili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, amabwata cha pa 96 kapena 97. Tsono injini yabwinobwino imagwira ntchito ili cha m'ma 90 momwemo, ndipo pachitunda ndi katundu imapitirirako. Mpata wake ndi wochepa zedi. Chitsekero chamoyo, cholembedwa 0.9 kapena 1.1 pamwamba pake, chimagwira madziwo mwamphamvu moti sabwata mpaka cha ku madigiri 120. Chikafooka, injini yopanda vuto lililonse imaboila pa Thabwa ngati ketulo, koma pamalo osalala inu osadziwa kanthu.

M'mawa, injini isanalire, chichotseni muchitembenuze. Muona malabala awiri ozungulira. Akhale ofewa, opanda ming'alu, osatupa. Kalabala kakauma ngati chikopa cha ng'oma kapena kakadindika mzere wakuya, katha ntchito. Kenako dinikizani pakatipo ndi chala chachikulu: sipuling'i ikukanizeni, ndipo mukaisiya ibwerere msanga. Ikamalowa mofewa kapena kukhulana ndi dzimbiri, tayani. Pomaliza, pakati penipeni pali kachitsulo kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kakokeni pang'ono ndi chikhadabo. Kameneka ndi kamene amakaiwala ngakhale amakaniko anzanga. Injini ikatentha madzi amafufuma, ena amathawira m'kathanki kudzera pa sipuling'i ija. Ikazizira usiku, kachitsuloka kamatseguka kuti madziwo abwerere kwawo. Kakamatirira ndi zinyalala, kapena kalabala kapamwamba kakamalowetsa mpweya, madzi amapita osabwerera. Lero kapu imodzi, mawa ina, mpaka kathanki kusefukira rediyeta ili pansi. Si zomwe mukuonazi?

Onaninso paipi yaikulu yapamwamba m'mawa momwemo. Mukaipeza itaphwa, yafinyika ngati munthu waiponda, musavutike n'kuganiza, ndi kachitsulo komweko. Yang'ananinso mlomo wa rediyeta pomwe chitsekero chimakhala. Marediyeta a magalimoto amenewa ali ndi mutu wa pulasitiki, ndipo akakalamba mlomowo umanyenyeka kapena kung'aluka kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Pamenepo ngakhale chitsekero chatsopano sichingagwire. Kapaipi kakang'ono kopita ku kathanki nako kasakhale koboola.

Pogula, tengani cha nambala yofanana ndi cholembedwa m'buku la galimotoyo. Ndipo chonde, zonyezimira zoyala pansi zogulitsa pamtengo wa botolo la fanta zija zisiyeni. Bambo wina anabwera nacho chatsopano, cholembedwa 1.1 mooneka bwino, akulumbira kuti vuto si chitsekero chifukwa wagula dzulo. Nditachiika pa pampu yoyezera chinatulutsa mpweya muvi usanafike ndi theka lomwe. Nambala ija anangoidinda. Bola chakale chenicheni chochotsa pa galimoto yophwasulidwa kusiyana ndi zimenezo. Ndipo amene amapinda timakutu ta chitsekero ndi pulayazi kapena kuikapo kachidutswa ka chubu kuti "chithine", akungosamutsa vuto: mphamvu ija ikasowa potulukira imakaphulitsa paipi.

Hedi gasiketi ikhoza kukhaladi, sindikukana. Imadziwika ndi thovu losalekeza m'rediyeta injini ikungoliza kumene, paipi youma gwa isanatenthe n'komwe, utsi woyera wosatha kumbuyo. Ngati mulibe zimenezi, sinthani chitsekero, dzazani madzi, kwerani Thabwa, mudzandiuze.

Funso: Mnzanga wa minibasi akuti kuno kotentha thermostat ilibe ntchito, anaipangira mayiko a chisanu. Ndichotse m'Corolla yanga?

Yankho: Musachotse, bambo. Mnzanuyo wabisa matenda, sanachize. Thermostat ndi kachitseko koletsa madzi kupita ku rediyeta injini isanatenthe. Pa ma Toyota ambiri imatseguka cha pa madigiri 82, ndipo injini anaipanga kuti izigwira ntchito ili yotentha chomwecho. Mukaichotsa, m'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu galimoto iyenda ulendo wonse ili yozizira, kompyuta yake n'kumathira mafuta ochuluka poganiza kuti ikadali kudzuka. Petulo mmene akuvutiramu, mukufuna zimenezo? Injini yozizira imadyekanso msanga mkati. Komanso pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatseka kanjira kachidule ka madzi. Ikachoka, madzi ena amangozungulira m'kanjirako osadutsa ku rediyeta.

Mukaikayikira, iponyeni m'poto wa madzi pamoto. Itseguke madzi asanabwate, itsekenso akazizira. Ikakana, gulani ina yeniyeni.

Funso: Kodi coolant, madzi amankhwala othira m'rediyeta aja, ndi wofunikadi? Ine ndimathira madzi a pamjigo ndipo chaka chatha osaona vuto. Ndikafuna kugula, ndimasokonezeka ndi mitundu: wofiira, wapinki, wobiriwira.

Yankho: Mayi, suzumirani m'ketulo yomwe mumawiritsira madzi a pamjigo omwewo. Choyera chija chomatirira pansi ndi chomwe chili m'timachubu ta rediyeta yanu, ndipo timachubuto n'topyapyala kuposa udzu womwera. Chaka chimodzi n'chochepa. Tidzakumana chaka chachitatu, madzi atasanduka ofiira ngati a m'Linthipe nthawi ya dzinja, mapiko a pampu ya madzi atadyeka ndi dzimbiri. Ndatsegulapo pampu yomwe inangotsala kachitsulo kapakati, mapiko onse atatha, ikuzungulira chabe osakankha kalikonse.

Kuno madzi saundana, n'zoona. Coolant timamufunira kuteteza dzimbiri ndi kukweza pang'ono pobwatira madzi. Wapinki wa Toyota amabwera atasakanizidwa kale theka ndi theka, musathiremo madzi. Kampaniyo imati woyamba wochokera naye ku fakitale asinthidwe pa makilomita 160,000, kenako pa 80,000 alionse. Koma galimoto yobwera kuchokera ku Japan itagwira kale ntchito simudziwa mbiri yake, ndiye ingokhuthulani yonse mukangoigula. Wofiira nthawi zambiri amabwera wosasungunula, amafuna madzi osungunulira oyera, aja timathira m'batire. Madzi a batire ndikunena, osati asidi. Mtundu ndi utoto chabe, werengani zolembedwa pabotolo, ndipo musasakanize mitundu iwiri yosiyana chifukwa ina ikakumana imapanga phala. Aja otchipa omwe ndi madzi a pampopi othira utoto wobiriwira, ndalama yanu bola mugulire ana buledi.

Chimodzi musaiwale pakhomo. Coolant ndi wotsekemera pakamwa koma ndi poizoni, amawononga impso. Galu amanyambita akamupeza pansi. Musamusunge m'botolo la sobo kapena la madzi akumwa, ana sadziwa kusiyanitsa. Mwana akamwa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwinobwino.

Funso: Ikaboila ndili pamsewu ndichite chiyani? Kondakitala wathu anatsegula rediyeta ndi kansalu, wapsa dzanja ndi nkhope.

Yankho: Pepani kwambiri, koma kansalu si chishango. Kumbukirani zija ndanena pamwambapa: madzi ali m'katimo apitirira madigiri 100, chikuwaletsa kubwata ndi chitsekero chokha. Mukangochipotoza onse amabwata kamodzi n'kuuluka ngati kasupe, kulunjika kumaso kwa wowerama. Munthu akapsa chotero, thirirani pachilondapo madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, muvuleni wotchi ndi mphete dzanja lisanatupe, ndipo matuza musawaboole. Mankhwala otsukira mano, dzira, oyilo wa injini, zonsezo ayi. Wopsa kumaso apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Geji ikayamba kukwera, zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi mawindo omwe. Mutuluka thukuta koma hita ndi karediyeta kachiwiri, kamachotsako kutentha. Pezani poima. Ngati kukufuka nthunzi kapena madzi akutayikira pansi, zimitsani injini pomwepo. Dikirani theka la ola kapena kupitirira, mpaka paipi yapamwamba muzitha kuigwira ndi dzanja ndipo ikufinyika. Ikadali yolimba, mphamvu ikadalimo. Kenako potozani chitsekero pang'ono chabe, nkhope muli kumbali, mpweya uthe kaye. Madzi muthire pang'onopang'ono. Chidebe cha madzi ozizira pa injini yotentha ndiyo njira yachidule yopindira hedi, yomwe pa magalimoto amasiku ano ndi ya aluminiyamu.

Ndipo mawu aja oti "tingofika pa siteji yakutsogoloyo" ndi amene amatipatsa ntchito ife. Makilomita awiri pa geji yofiira amakwana kusandutsa vuto la paipi kukhala la injini yonse.

Funso: Vitz yanga pamsewu waukulu ilibe vuto, koma ndikaima pa mzere wa magalimoto m'tauni kapena pofola mafuta imatentha.

Yankho: Fani, achemwali. Pothamanga mphepo imadziwomba yokha pa rediyeta, mukaima ndi pomwe fani imafunika. Lizani injini, yatsani eyakoni, muone ngati ikuzungulira. Ikakhala chete, ndi fyuzi, relay (kaswichi koyatsa faniyo), kapena mota ya faniyo yatha makala. Mota yotopa nthawi zina imadzidzimuka mukaigogoda ndi chogwirira cha sikuludalaiva, ndiye mwaigwira pamenepo. Fyuzi muike ya nambala yake, osati waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Tsukaninso kumaso kwa rediyeta, kumadzaza udzu, ziwala ndi fumbi.

Zala zanu zikhale kutali. Fani yamagetsi imadziyatsa yokha osachenjeza, ndipo pa magalimoto ena imatha kuzungulira ngakhale kiyi mwachotsa. Chitenje, tayi, mpango, lamba wa injini akazikola sazibweza. A ma hybrid, oyendera petulo ndi magetsi, monga Aqua ndi Prius, samalani koposa: galimoto ikalemba READY injini imatha kudzuka yokha muli chiweramire pa boneti. Zimitsiranitu, ndipo mawaya a mtundu wa lalanje aja si oti muziwagwira.

Funso: Rediyeta ikudontha pang'ono. Akuti ndiswere dzira mkati kapena ndithire ufa wa kale wothira mu ndiwo uja, itseka. Zoona?

Yankho: Itsekadi, pamodzi ndi timachubu tabwinobwino ndi hita yomwe. Ngati mwagwidwa usiku ku Chikangawa kopanda netiweki, chabwino, dzira likufikitseni ku Mzuzu, koma mawa lake itsukidwe yonse. Ine ndatsegulapo rediyeta yonunkha ngati kukhitchini, mwini wake akukana kuti sanathiremo kanthu.

Pezani podonthapo. Coolant akauma amasiya zoyera kapena zapinki ngati mchere, tsatirani zimenezo. Kawirikawiri ndi kalampu yomasuka kapena pomwe pulasitiki imakumana ndi aluminiyamu. Mutu wa pulasitiki wosweka sumatika ndi guluu, amangosintha. Mukatha kukonza, chotsani mpweya m'njira za madzi, hita ili yotsegula, mpaka thovu litasiya. Ndipo popeza chitsekero chili kale m'manja mwanu pamenepo, chitembenuzeni muone malabala aja.