Geji ya oyilo ikunena kuti watha, koma injini ikufuka utsi

Bambo wina wa ku Area 47 wanditumizira imelo. Anagula Porsche 911 SC ya 1981 ku Johannesburg, ndipo muvi wa geji yosonyeza kuchuluka kwa oyilo umangokhala pansi. Iwo anawonjezera malita awiri, muvi sunasunthe, ndipo tsopano galimoto ikufuka utsi wabuluu. Akufunsa ngati agule geji yatsopano.

Bambo, ndalama zanu zisungeni kaye, ndipo musathirenso oyilo ngakhale dontho.

Galimoto imeneyi sisunga oyilo pansi pa injini monga zimachitira Corolla zathuzi. Oyilo wake amakhala m'thanki yapadera, kuseri kwa tayala lakumbuyo la kumanja, ndipo pampu imamukoka mu injini n'kumubwezera m'thankimo. Injini ikazima, oyilo wina amatsetserekera mu injini, thanki n'kuoneka ngati yaphwa. Ikakhala yozizira, chimodzimodzi. Mukaponda moto pamsewu, muvi umagwanso. Choncho gejiyo imanena zoona pa nthawi imodzi yokha: injini itatentha bwino, oyilo atafika cha m'ma digiri 80, galimoto itaima pamalo osapendekeka, injini ikulira yokha osaiponda moto. Kuiliza pakhomo mphindi zisanu m'mawa wa mu Juni sikukwanira. Ithamangitseni pa M1 mpaka ku Lumbadzi n'kubwerera, muime pabwino, mudikire kamphindi, ndiye muyang'ane muvi.

Pomwepo, injini ikadali kulira, tsegulani chitsekerero cha thanki musolole dipusitiki. Kulira kwa injini kukasintha pang'ono mutatsegula, musadabwe, ndi mpweya wongolowa. Pakati pa mzere wapansi ndi wapamwamba pamalowa oyilo wochepera pang'ono malita awiri, ndiye ganizirani zimene malita anu awiri aja anachita ngati munawathira injini ili yozizira. Oyilo wosefukira amakwera ndi paipi yopumira n'kukagwera kumene injini imakokera mpweya. Ndikuganiza kuti utsi wanuwo ukuchokera pamenepo. Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya, mukapeza mwanyowa oyilo, popani wina kumuchotsa m'thanki mpaka afike pakati pa mizere iwiri ija, mupukute bokosilo. Pakati mpokwanira, musalimbane ndi mzere wapamwamba.

Ngati dipusitiki ikuti oyilo ali bwino koma muvi udakali gone, apo ndiye tiyambe kusaka vuto. Mageji ena akugwira ntchito? Akafa angapo nthawi imodzi, onani fyuzi ndi waya wa earth kuseri kwa dashibodi. Ngati yafa ndi imodzi yokhayi, kwezani galimoto pa jeke, muikire chochirikiza cholimba, muchotse tayala lakumbuyo la kumanja. Pakhoma la thanki mudzaona kachitsulo kozungulira komangidwa ndi timanati, kali ndi mawaya. Imeneyo ndiyo sensa, imene imauza geji kuchuluka kwa oyilo. Malo amenewa amalandira matope onse a dzinja ndi fumbi lonse la mu Okutobala, choncho nthawi zambiri mapulagi ake amakhala atachita dzimbiri. Apaleni mpaka awale.

Kenaka tsegulani kiyi osaliza injini, wina akhale m'galimoto akuyang'ana muvi. Zulani waya wopita ku geji, ndiye muukhudzitse pachitsulo cha galimoto kwa kanthawi kochepa. Muvi ukadumpha kuchoka mbali ina kupita ina, geji ndi waya wake zili bwino, wolakwa ndi sensa. Ukapanda kusuntha, yesani wayawo ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, kuchokera kumbuyo mpaka kudashibodi musanaiweruze gejiyo. Waya wa zaka zoposa 40 amauma n'kuthyokera mkati, kunja akuoneka wabwinobwino.

Sensa yake ndi kamkono kokhala ndi choyandama kumapeto, ngati kampira ka m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Choyandamacho chikabooka chimamira, muvi n'kugona pansi mpaka kalekale. Nthawi zina ndi tiwaya topyapyala tamkati tomwe tadyeka, ndipo muvi umangovinavina. Mukaitulutsa, lumikizani multimeter, muyendetse kamkonoko pang'onopang'ono. Manambala ayenera kukwera ndi kutsika mwandondomeko, osadumphadumpha. Poibwezera ikani gasiketi yatsopano, ndipo timanati tija musatimange ndi mphamvu zonse.

Ku Biwi kuli amisiri a magetsi a galimoto odziwa ntchito yawo, ndipo kuyesa konseku angakuchitireni. Koma sensa yeniyeniyo ine sindingavutike kuisaka m'mashopu a kumeneko, muitanitse ku South Africa. Wina akakuuzani kuti aikapo ya thanki ya petulo ya galimoto ina, kanani, chifukwa muvi uzisuntha ndithu koma uzikunamizani.

Enanu muli ndi Benz zakale za W123, musasokonezeke: geji ya oyilo ya m'menemo, ija imalekezera pa 3, imayesa mphamvu imene pampu ikukankhira oyilo, osati kuchuluka kwake. Imeneyo ikagwa pa 0 mukuyenda, zimitsani injini pomwepo. Pa 911 yanu bambo, yoteroyo iliponso, yalembedwa kuti Druck, ndipo pamsewu ndiyo muziyang'ana. Mukayesa waya uja mundilembere zimene muvi wachita.