Tifunseni za Intaneti: Apu yanga sinatuluke patsamba loyamba, kodi pali kukondera?

FUNSO

Zikomo a Mkonzi. Ine ndi mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Zomba, ndinapanga apu yothandiza magulu a banki m'khonde kulemba masheya ndi ngongole pafoni m'malo mwa kope lija limatha masamba pakati pa chaka. Ndaivutikira miyezi 8, usiku wokhawokha, pa laputopu yobwereka. Mwezi watha ndinaiika pa webusaiti ina yakunja yomwe anthu amaonetserapo zinthu zatsopano n'kumavoterana, ndinauza anzanga onse a ku koleji ndipo mavoti anafika 41 koma patsamba loyamba sinatulukepo olo mphindi imodzi, pamene ina ya mavoti 20 inali pompo anthu akuiona. Madzulo ake munthu wina anandilembera kuti ndimupatse madola 60 andipezere mavoti 300. Nde funso langa ndi lakuti mawebusaiti amenewa ndi achilungamo kapena amangokweza anzawo? Nanga ndilipire kapena ndisiye?

Wodandaula, Zomba

YANKHO

Achimwene, musalipire. Ndayamba ndi chimenechi dala chifukwa ndikudziwa kuti mwina madola 60 aja mwayamba kale kuwasakasaka, ndipo ndi mmene dola ikuvutira kupezeka kuno, ndalama imeneyo mutha kugulira bandulo ya miyezi ingapo kapena thiransipoti yokafika kwa anthu enieni oti agwiritse ntchito apu yanuyo. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Simunatchule webusaiti yake, nde ine ndikamba za yomwe imadziwika kwambiri pa zinthu zoterezi, Product Hunt, poti ang'onoang'ono ambiri anaonera pamenepo kachitidwe kawo. Inayamba mu Novembala 2013, woyambitsa wake ndi Ryan Hoover ku San Francisco, ndipo poyamba penipeni anali ma imelo chabe omwe iye ndi anzake ankatumizirana zinthu zatsopano zomwe aziona. Mu 2014 inalowa mu Y Combinator, bungwe lomwe limathandiza mabizinesi atsopano ndi ndalama komanso upangiri, chaka chomwecho kampani ya Andreessen Horowitz inatsogolera poikamo madola 6.1 miliyoni, kenako kumapeto kwa 2016 inagulidwa ndi AngelList, kampani yomwe ntchito yake ndi kulumikiza mabizinesi atsopano ndi anthu oikamo ndalama. Mbiri imeneyi ndaikamba kuti muone pomwe chinthuchi chinabadwira: pakati pa anthu odziwana kale, omwe ena ndi opanga mapulogalamu, ena ndi oika ndalama m'mapulogalamu omwewo. Zaka zoyambirira si aliyense ankaloledwa kuika chinthu kapena kupereka ndemanga, umafunika kuitanidwa, ndipo pofika 2015 madandaulo anali atamveka poyera kuti omwe ali ndi anzawo mkati ndi amene amadutsa molunjika kupita patsamba loyamba. Lero aliyense atha kutsegula akaunti n'kuika chake, koma funso lanuli anthu akhala akufunsa kuyambira nthawi imeneyo.

Tsopano zomwe zinakuchitikiranizo. Anthu ambiri amaganiza kuti khomo ndi limodzi, la mavoti, pamene makomo ndi awiri. Loyamba amalondera anthu a kampaniyo, iwo ndi amene amasankha pamanja zinthu zoti zioneke patsamba loyamba tsiku limenelo. Mavoti ntchito yake imabwera pambuyo, kusanja amene alowa kalewo kuti woyamba ndani wachiwiri ndani. Ngati simunadutse khomo loyamba mumakhala pa mndandanda wina wautali womwe munthu amachita kuufunafuna kuti aupeze, nde mavoti 41 kapena 141 sakusunthani.

Ganizirani pa Lizulu basi ikaima. Amayi omwe mabeseni awo ali m'mphepete mwenimweni mwa msewu amathamangira pawindo, tomato, kabichi, mbatatesi, mkono wa pasenja watuluka kale ndi ndalama, basi yanyamuka. Amene ali mzere wachitatu kumbuyo tomato wake atha kukhala wokongola kuposa onsewo koma pasenja sanamuone n'komwe, ndiye simunganene kuti makasitomala anamukana, sanafike pomukana. Inu munali mzere wachitatu. Ndipo ine sindiona vuto kuti pali munthu wogawa malo, chifukwa zinthu zoikidwa tsiku limodzi ndi zochuluka zedi, zina zake n'zongokopera za ena, popanda wosefa tsamba lonse lingadzaze zinyalala. Chomwe chimandipweteka ndi chakuti munthu amene wasiyidwa kumbuyo kawirikawiri samva chifukwa chake chenicheni. Product Hunt inalemba poyera zomwe amayang'ana, kuti chinthu chikhale chothandiza, chatsopano, chopangidwa mwaluso, koma mawu oterewa ndi otakasuka kwambiri, chothandiza kwa ndani? Munthu amene sanakhalepo pansi pa mtengo wa mango Lachinayi masana akuona msungichuma akuwerenga ma K500 opindikapindika kwinaku mlembi akusakasaka tsamba lomwe analemba ngongole ya mwezi watha, apu yanu aiona ngati kakope wamba ka maakaunti. Sikuti amakudani, sakudziwa chomwe akuyang'ana.

Palinso china chomwe mwina simunachidziwe. Mavoti salemera mofanana. Eni ake amanena okha kuti kasanjidwe sikadalira kuchuluka kwa mavoti kokha komanso kuti amachotsa mavoti okayikitsa, koma masamu ake enieni sanawatulutse. Anzanu a ku koleji aja, ndikhulupirira ambiri anatsegula maakaunti tsiku lomwelo, anadina linki imodzi yomwe munaponya pa gulu la WhatsApp, kuvota, n'kutuluka osabweranso. Kwa inu ndi chikondi cha anzanu. Kwa makina osefa aja zimafanana ndendende ndi mavoti ogula. Mnzanu wa ku San Francisco kapena Bangalore anzake ali ndi maakaunti a zaka zisanu omwe amavota ndi kulemba ndemanga sabata iliyonse, nde mavoti ake 20 amalemera kuposa anu 41. Palibe anakhala pansi kupangana kuti tipondereze a ku Zomba, koma zotsatira zake ndi zomwezo, lamulo lotchera akuba limagwira kwambiri mlendo.

Eni webusaiti amati akaulula masamu onse akuba mavoti adzadziwa pozembera, ndipo pamenepo ndimawamvetsa, zoona. Koma kubisa masamu ndi nkhani ina, kusamuuza munthu kuti mavoti ako 30 sitinawawerengere chifukwa chakutichakuti ndi nkhani inanso. Chachiwirichi chimatheka popanda kupereka makiyi kwa wakuba. Pomwe achita bwino tinenenso: maola 4 oyambirira a tsiku amabisa chiwerengero cha mavoti ndipo zinthu amazisakaniza mndandanda wake, kuti amene wabwera ndi gulu lake m'mamawa asatseke anzake njira anthu asanaone n'komwe.

Kuti muone chomwe ndikutanthauza ndikati kuchita zinthu poyera, taonani Hacker News, webusaiti ya nkhani za umisiri wa makompyuta yomwe ndi ya Y Combinator ndipo inayamba mu 2007. Kumeneko kuli Show HN, malo oti aliyense aonetse chomwe wapanga, koma kulinso Launch HN ndi zolengeza za ntchito zomwe ndi za makampani a Y Combinator okhaokha, ndipo zimenezi analemba poyera kuti ndi mmene zilili. Kukondera kulipo, koma kwalembedwa pakhomo, munthu umalowa ukudziwa. BetaList, webusaiti ina yoonetserapo mabizinesi atsopano, nayo inkanena mosabisa kuti ukalipira sudikira nthawi yaitali pamzere. Pa App Store ya Apple, apu yomwe yalipira kuti ibwere pamwamba ukamasaka imakhala ndi chizindikiro choti ndi malonda. Ine zotere ndimazilandira ngakhale sizindikomera, chifukwa ndikudziwa chomwe ndikulimbana nacho. Chomwe sindilandira ndi tsamba lonena kuti anthu ndi amene asankha pamene wasankha ndi munthu mmodzi muofesi, kapena losatchula kuti amene akusankhayo ali ndi masheya mu kampani yomwe waikweza. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo nchifukwa chake tiyenera kuuzidwa ngati wakhalapo.

Tibwerere kwa wa madola 60 uja. Kugula mavoti n'koletsedwa ndi malamulo a Product Hunt, ngakhale kupempha anthu mwachindunji kuti andivotere amaletsa, amati uzipempha maganizo awo. Akakugwirani atha kutsitsa kapena kuchotsa apu yanu. Ndipo mavoti 300 ogula ndi omwe aja makina amasefa, komanso satsegula khomo loyamba lija, nde mulipira ndalama pa chinthu chomwe sichikhudza vuto lanu. Titi zatheka mwafika pamwamba, mwa anthu 300 amenewo palibe ndi mmodzi yemwe ali pa banki m'khonde, mawa lake mudzatsegula apu yanu mupeza ogwiritsa ntchito ndi omwe aja anali dzana.

Kunena zoona achimwene, makasitomala anu sali pa webusaiti imeneyo. Ali ku Songani, ku Jali, ku Thondwe, ndipo ambiri foni yawo ndi ya mabatani, ndalama amatumizirana pa Airtel Money ndi Mpamba. Pezani magulu 5 agwiritse ntchito apuyo mpaka tsiku logawana mu Disembala, muone ngati masamu ake agwirizana ndi a m'kope, mumve pomwe mlembi akukakamira. Umboni umenewo ndi womwe mungapite nawo ku malo othandiza achinyamata oyamba mabizinesi ngati mHub ku Lilongwe, yomwe anayambitsa a Rachel Sibande mu 2013, kapena Mzuzu E-Hub. Ndipo mukamalowa mipikisano ya mabizinesi atsopano yomwe imachitika kuno kwathu mafunso ndi omwewa, musachite manyazi kuwafunsa: majaji ndi ndani, akuyang'ana chiyani, alipo amene ali pa ubale kapena pa bizinesi ndi wopikisana nawo, ndipo tikagwa mutiuza chifukwa?

FUNSO

A Mkonzi, ine ndili ku Johannesburg, ndi mnzanga tapanga pulogalamu yolembera ma invoice ya anthu ogwira ntchito paokha, makasitomala athu ambiri ndi akunja nde tikufunadi kuika pa Product Hunt. Akuti pamafunika munthu wotchuka wotiikira, eti n'zoona? Komanso nthawi yabwino ndi iti?

Mlongo wanu, Johannesburg

YANKHO

Achemwali, inu nde malo amenewa akukuyenerani chifukwa anthu omwe mukuwafuna amapezekadi kumeneko. Za munthu wotchuka, amene iwo amamutcha hunter, zinali zofunika kale nthawi ya zoitanana ija, pano mutha kuika nokha ndipo eni webusaitiyo amalimbikitsa zomwezo, nde wina akakuuzani kuti mumulipire kuti akuikireni mukaneni.

Tsiku la Product Hunt limayamba 12:01 usiku nthawi ya ku California. Johannesburg ndi Malawi wotchi ndi imodzi, nde kwa inu ndi 9:01 m'mawa kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo ndi 10:01 chifukwa iwo amasintha mawotchi awo. Konzani kuti chanu chituluke nthawi imeneyo kuti mukhale ndi maola onse 24. Koma dziwani kuti aku America ambiri amadzuka kwa inu kuli kale masana kulowera kumadzulo, ndipo ndemanga zimachuluka inu mukufuna kugona, nde mugawane ndi mnzanuyo, wina masana wina usiku, pasakhale funso lokhala maola atatu osayankhidwa. Tsegulani maakaunti anu panopa, osati sabata yomweyo, muziyesa zinthu za anzanu n'kumalemba ndemanga zenizeni kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Ndipo mutchajiretu pawabanki ndi laputopu zonse ziwiri, bandulo yapadera ikhale pafoni ina.